Ratan Tata anali ndani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho

Chimwalilireni a Ratan Tata mu Okutobala 2024 zithunzi zawo sizikutha pa WhatsApp ndi pa Facebook, ena akuti anapereka chuma chawo chonse kwa osauka, ena akuti ndi amene anali olemera kuposa aliyense ku India, zina ndi zoona koma zambiri nzongowonjezera. Ine munthuyu ndimamulemekeza kwambiri ndiye ndikufuna timudziwe mmene analili, ndi zabwino zake ndi zolakwa zake zomwe.

Mwachidule, anali ndani?

Anali mkulu wa gulu la makampani a Tata ku India kuyambira 1991 mpaka 2012, kenako anabwereranso kwa miyezi yochepa mu 2016. Anabadwa pa 28 Disembala 1937 ku Bombay, komwe pano timati Mumbai, ndipo anamwalira mumzinda womwewo pa 9 Okutobala 2024 ali ndi zaka 86. Tikamati Tata sikuti ndi malole okha aja mumawaona pamsewu ayi, muli zitsulo, mchere, tiyi, mahotela, magetsi, mawotchi, ndege, ndi kampani yaikulu ya zamakompyuta ya TCS.

Kampaniyi anaiyambitsa ndi iwowo?

Ayi. Anayambitsa ndi a Jamsetji Tata mu 1868, a Ratan asanabadwe ndi zaka pafupifupi 70. Banjali ndi la a Parsi, kamtundu kochepa ka anthu a chipembedzo cha Zoroaster amene makolo awo anachoka ku Persia kalekale nkukakhazikika ku India. Bambo awo a Ratan, a Naval Tata, anali wachibale wosauka wa banjali, bambo awo a Naval anamwalira iwo ali mwana ndiye anakulira kunyumba ya ana amasiye mpaka mayi Navajbai Tata, mkazi wamasiye wa mwana wa a Jamsetji, anawatenga kukhala mwana wawo. Ndiye a Ratan anakulira mu chuma inde, zimenezo tisabise, koma ubwana wawo sunali wa mtendere kwenikweni chifukwa makolo awo anasiyana ali ndi zaka 10 ndipo iwo ndi mng'ono wawo Jimmy analeredwa ndi agogo awo aja a Navajbai. Mpaka kukalamba ankawatchula agogowa kuti ndi amene anawaphunzitsa kudzisunga ndi kusabwezera anthu akamakunyoza.

Anaphunzira za bizinesi?

Digiri yawo inali ya kujambula mapulani a nyumba, anaitenga ku Cornell University ku America mu 1962. Anagwirako ntchito pang'ono ku Los Angeles ndipo mtima wawo unali wokhala konko, koma agogo aja anadwala nde anabwerera kwawo. Atalowa ku Tata sanawapatse ofesi yozizira poti ndi mwana wa pabanja, anawatumiza ku Jamshedpur, mzinda wa fakitale ya zitsulo, kukagwira ntchito pansi ndi anthu wamba pafupi ndi ng'anjo. Za kayendetsedwe ka bizinesi anakachita kosi ku Harvard mu 1975.

Chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti zaka zawo zoyamba sizinali zowala. Mu 1971 anawapatsa Nelco, kampani ya mawailesi yomwe inali ikumira, anaidzutsako koma kenako mavuto a chuma ndi sitalaka zinaibwezanso pansi. Mu 1977 anawapatsa Empress Mills, fakitale ya nsalu, imeneyo inadzatsekedwa mu 1986. Ndiye pomwe a J.R.D. Tata, amene anayendetsa gululi zaka zoposa 50, anawasankha kuti alowe m'malo mwawo mu 1991, panali anthu ambiri ndithu onena kuti munthuyu wasankhidwa chifukwa cha dzina basi.

Nanga anasintha chani atakhala pampando?

Apa mpamene pali ntchito yawo yeniyeni ngakhale siimveka yokoma ngati nkhani za kugula Jaguar. Nthawi ya a J.R.D. kampani iliyonse ya Tata inali ndi bwana wake wamphamvu amene ankayiyendetsa mmene akufunira, a Russi Mody ku zitsulo, a Darbari Seth ku Tata Chemicals, a Ajit Kerkar ku mahotela, ndipo kampani yaikulu ya Tata Sons inali ndi masheya ochepa kwambiri m'makampani amenewa moti munthu wandalama akanatha kungobwera nkugula imodzi. A Ratan anakhazikitsa zaka zopumira pantchito, zomwe zinachotsa akuluakulu aja mmodzimmodzi ndipo sizinayende mwamtendere ayi, za a Mody zinafika mpaka m'manyuzipepala. Anawonjezera masheya a Tata Sons m'makampani onse, nkulamula kuti kampani yogwiritsa ntchito dzina la Tata izilipira komanso izitsata malamulo amodzi a khalidwe. Anagulitsanso mabizinesi ena monga a sopo, a simenti ndi a zodzoladzola.

Musaiwale kuti 1991 yomweyo ndi chaka chimene boma la India, a Narasimha Rao ali nduna yaikulu ndipo a Manmohan Singh ali nduna ya zachuma, linatsegula zitseko kuti makampani akunja alowe. Makampani ambiri akale amene anazolowera kutetezedwa ndi boma anafooka nthawi imeneyo. Tata inakula, pofika 2012 ndalama zolowa pachaka zinali zitafika pa madola 100 biliyoni ndipo zoposa theka zinkachokera kunja kwa India.

Ngati ankayendetsa zonsezi, bwanji dzina lawo silinkaoneka pa mndandanda wa anthu olemeretsetsa ngati a Ambani ndi a Adani?

Funso limeneli ndi limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse. Yankho lake ndi loti chumacho sichinali chawo. Tata Sons, yomwe ndi mwini wa makampani enawo, pafupifupi 66 peresenti ya masheya ake ali m'manja mwa mabungwe achifundo otchedwa Tata Trusts, akuluakulu ake ndi Sir Dorabji Tata Trust ndi Sir Ratan Tata Trust, amene anakhazikitsidwa kalekale ndi chuma cha ana awiri a a Jamsetji, a Dorabji ndi a Sir Ratan, amene si a Ratan tikukamba pano ayi. A Ratan pawokha masheya awo sankafika olo 1 peresenti. Banja la a Mistry la kampani ya Shapoorji Pallonji linali ndi pafupifupi 18 peresenti, kuposa a Ratan kutalitali.

Ndiye mukamva zoti anapereka 66 peresenti ya chuma chawo kwa osauka, sizili choncho, iwo anachipeza chili kale m'manja mwa mabungwe aja. Koma izi sizikuwachepetsa, kwa ine zikuwakweza kumene. Taganizani munthu wakhala pampando zaka 21, akusaina madilu a mabiliyoni, aliyense akumugwadira, mpata wopatutsa zina kuti zilowe m'thumba mwake kapena mwa abale unalipo wambiri, koma anachoka phindu la kampani likupitabe ku zipatala, kusukulu ndi ku kafukufuku ngati mmene eni ake oyamba anafunira. Anali wolemera inde, nyumba yabwino ku Colaba m'mbali mwa nyanja, magalimoto apamwamba, ndege ankayendetsa okha, sanali munthu wovutika ndipo tisamuveke usiwa umene analibe. Koma kusiyana kwa chuma chimene ankayang'anira ndi chimene anatenga nkwakukulu zedi, ndipo atsogoleri otere sapezekapezeka, kaya ku India kaya kwathu kuno.

Pa zopereka zenizeni, mabungwe ndi makampani a Tata anapereka madola 50 miliyoni ku Cornell mu 2008 ndi ena 50 miliyoni ku Harvard Business School mu 2010, zimene ena ku India anadandaula nazo kuti bwanji kupatsa masukulu olemera kale, ndipo ine dandaulo limenelo ndimalimvetsa. Anatsegula chipatala cha khansa ku Kolkata mu 2011, ndipo Covid itayamba mu Malichi 2020 Tata Trusts ndi Tata Sons analonjeza ndalama zokwana 15 biliyoni za ma rupee.

Nkhani ija yoti a Ford anawanyoza kenako iwo nkudzagula Jaguar ndi yoona?

Mutu wake ndi woona. Mu 1998 Tata Motors, yomwe inkadziwika ndi malole, inatulutsa galimoto yaing'ono ya Indica, poyamba sinayende malonda moti mu 1999 anapita ku Detroit kukakambirana zogulitsa gawo limenelo kwa Ford. Mkulu wina wa Tata amene analipo anadzafotokoza patapita zaka kuti a Ford anawalankhula modelera, kuwafunsa kuti munayambiranji za magalimoto ngati simuzidziwa, ndipo a Ratan anabwerera osagulitsa. Mu 2008 Ford ili pamavuto a ndalama inagulitsa Jaguar ndi Land Rover kwa Tata pa madola 2.3 biliyoni. Zokometsera zina zimene anthu amaika pa Facebook, zoti anachita kubwezera, nzawo olembawo. Komanso chaka choyamba zinavuta kwambiri chifukwa chuma cha dziko lonse chinagwa miyezi yochepa atangogula, ndi pambuyo pake pamene Land Rover inayamba kubweretsa phindu lalikulu makamaka ku China.

Asanagule Jaguar anali atagula kale Tetley, kampani ya tiyi ya ku Britain, mu 2000, gawo la malole la Daewoo ku South Korea mu 2004, ndi kampani ya zitsulo ya Corus mu 2007 pa madola pafupifupi 12 biliyoni. Kwa amwenye zimenezi zinali zazikulu mumtima, kampani ya dziko limene linalamulidwa ndi Britain mpaka 1947 kukagula mayina otchuka a ku Britain komweko. Koma Corus anaigula modula kwambiri atalimbirana ndi kampani ya ku Brazil, ndipo yakhala ikudya ndalama kwa zaka zambiri.

Galimoto yotchipa ija ya Nano inathera kuti?

Inakanika, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa maganizo ake anali abwino. A Ratan ankafotokoza kuti ankaona mabanja pa njinga yamoto m'misewu ya ku India, bambo akuyendetsa, mwana waima kutsogolo, mayi kumbuyo atanyamula khanda, mvula ikugwa, zomwe aliyense woona mmene a kabaza amanyamulira anthu ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangazidabwe. Ndiye anafuna galimoto ya mtengo wa ma rupee 100,000, nthawi imeneyo madola cha m'ma 2,000 kapena kuposerapo pang'ono. Anaionetsa mu Januwale 2008 nkuyamba kugulitsa mu 2009, kagalimoto ka injini ya 624cc yoikidwa kumbuyo.

Mavuto anayamba fakitale isanathe nkomwe. Boma la chigawo cha West Bengal linatenga minda ya alimi pafupifupi maekala 1,000 ku Singur kuti Tata imangepo, alimi ambiri anakana, a Mamata Banerjee, wandale wotsutsa boma la chigawocho nthawi imeneyo, anatsogolera zionetsero, mpaka mu Okutobala 2008 a Ratan analengeza kuti akusamuka ndipo fakitale inapita ku Sanand ku Gujarat komwe a Narendra Modi anali nduna yaikulu ya chigawocho. Kenako magalimoto angapo anayaka moto nkhani nkufalikira, mtengo unakwera, pa mayeso a ngozi a mu 2014 inalephera kotheratu. Koma chachikulu chinali choti inatchuka ngati galimoto yotchipitsitsa padziko lonse, ndipo munthu amene wavutika zaka kusunga ndalama safuna kuti aneba aziti wagula ya amphawi, bola agule yakale ya kampani ina. A Ratan anadzavomera okha kuti kuitsatsa motero kunali kulakwitsa. Pofika 2018 inali itasiya kupangidwa.

Nanga za zigawenga ku hotela ya Taj?

Pa 26 Novembala 2008 zigawenga 10 zochokera ku Pakistan zinaukira malo angapo mu Mumbai ndipo anthu 166 anaphedwa. Hotela ya Taj Mahal Palace, imene a Jamsetji anatsegula mu 1903, inali m'manja mwa zigawengazo pafupifupi masiku atatu, anthu oposa 30 anafera mmenemo ndipo 11 mwa iwo anali antchito a hotelayo, ambiri anafa akuthandiza alendo kuthawa pomwe njira zotulukira ankazidziwa bwino. A Ratan, ali ndi zaka 70, anapita kukaima panja pa hotelayo zinthu zili mkati. Zitatha anayendera mabanja ofedwa ndi ovulala, antchito analandirabe malipiro nthawi yonse imene hotela inali yotseka, ndipo anakhazikitsa thumba la Taj Public Service Welfare Trust lothandiza okhudzidwa, olo amene sanali antchito a Tata. Ulemu umene amwenye wamba anali nawo pa munthuyu wambiri unachokera apa.

Ndiye analibe mbali yoipa?

Inalipo ndipo tiyenera kuitchula. Mu Januwale 2006 ku Kalinganagar m'chigawo cha Odisha apolisi anawombera anthu a m'midzi amene ankakana kuti malo awo amangidwepo fakitale ya Tata Steel, oposa 10 anafa. Owombera anali apolisi a boma osati a kampani, komabe malowo ankapita ku Tata ndipo fakitaleyo inamangidwa. Za ku Singur zija khothi lalikulu la India linagamula mu 2016 kuti malowo anatengedwa mosatsata malamulo ndipo abwezedwe kwa alimi. Munthu ukamakamba za chifundo cha Tata uyenera kuwakumbukanso anthu amenewa, kwa iwo dzinali silikumbutsa chipatala ayi. Mu 2010 kunatulukanso matepi a mafoni a mayi Niira Radia, amene ankayankhulira Tata ndi makampani ena kwa andale, zinaonetsa mmene mabizinesi akuluakulu amayendera pafupi ndi boma ngakhale a Ratan sanaimbidwe mlandu uliwonse.

Kenako pali nkhani ya a Cyrus Mistry, a kubanja la masheya 18 peresenti lija. A Ratan atapuma pa 28 Disembala 2012, tsiku lomwe anakwanitsa zaka 75, analowa m'malo ndi a Mistry, koma pa 24 Okutobala 2016 bodi inawachotsa mwadzidzidzi ndipo a Ratan anabwerera kudzagwirizira. A Mistry ananena kuti sankapatsidwa ufulu woyendetsa zinthu komanso kuti anasiyiridwa mabizinesi oluza ngati Nano, mbali ya Tata inati inataya nawo chikhulupiriro. Mlandu unayenda mpaka Malichi 2021 pomwe khothi lalikulu linagamula mokomera Tata. Mwalamulo anapambana, koma kwa ine mmene anamuchotsera munthuyo sizinafanane ndi ulemu umene ankadziwika nawo. A Mistry anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Sepitembala 2022.

Nzoona kuti sanakwatirepo?

Nzoona, analibe mkazi kapena mwana. Anauzapo atolankhani kuti kanayi konse anatsala pang'ono kukwatira. Koyamba kunali ku Los Angeles, mtsikanayo amayenera kuwatsatira ku India koma mu 1962 kunabuka nkhondo ya India ndi China ndiye makolo ake anakaniza.

Chikondi chawo chodziwika chinali pa agalu. Ku Bombay House, likulu la Tata, agalu a mumsewu ankaloledwa kulowa ndipo nyumbayo itakonzedwanso mu 2018 anawapangira chipinda chawochawo. Ntchito yawo yomaliza yaikulu inali chipatala cha ziweto zazing'ono ku Mumbai chimene chinatsegulidwa mu 2024. Ndege ankazikondanso, mu 2007 ali ndi zaka 69 anauluka nawo mu ndege yankhondo ya F-16 ku Bangalore, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona Air India, imene a J.R.D. anaiyambitsa mu 1932 boma nkuitenga mu 1953, ikubwerera m'manja mwa Tata mu Januwale 2022.

Ife kuno zikutikhudza pati?

Malole ndi mabasi a Tata tonse timawadziwa. Ku Africa kuno Tata inayambira ku Zambia mu 1977, a Ratan asanakhale pampando, ndipo hotela ya Pamodzi ku Lusaka kwa zaka zambiri inkayendetsedwa ndi Taj, kampani ya mahotela ya Tata. Mu nthawi yawo Tata Steel inalowa nawo mu mgodi wa malasha wa Benga ku Tete ndi masheya 35 peresenti, ndipo mu 2011 Tata Motors inatsegula fakitale yolumikiza malole ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria. Tetley imagula tiyi m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, ndiye masamba othyoledwa ku Thyolo ndi ku Mulanje ena amakathera m'mapaketi a kampani imene a Ratan anagula. Abale athu a ku Britain akudziwanso za Port Talbot ku Wales, komwe Tata Steel inazimitsa ng'anjo zake zazikulu mu 2024 ndipo ntchito pafupifupi 2,800 zinakhudzidwa, zimenezo ndi zotsatira za dilu ya Corus ija.

Mawu anzeru aja amayenda pa WhatsApp ndi chithunzi chawo, ndi awodi?

Ambiri si awo. Mu 2020 analemba okha pa intaneti kukana uthenga wina wokhudza Covid ndi chuma umene unkafalitsidwa m'dzina lawo, ndipo mu 2023 anachenjezanso za vidiyo yabodza yowaonetsa ngati akulimbikitsa anthu kuika ndalama penapake. Mukaona chithunzi chawo pa uthenga wokuuzani kuti mutumize ndalama kuti zichuluke, ndi akuba amenewo. Zoona nzakuti atapuma ankaika ndalama zawo m'makampani a achinyamata ongoyamba kumene monga Ola, Paytm ndi Lenskart.

Pano akuyendetsa ndani?

Anamwalira ku chipatala cha Breach Candy ku Mumbai ndipo mawa lake, pa 10 Okutobala 2024, mtembo wawo unawotchedwa ku Worli ndi ulemu wa boma. India inali itawapatsa kale mendulo za Padma Bhushan mu 2000 ndi Padma Vibhushan mu 2008. Pa 11 Okutobala a Noel Tata, m'bale wawo wa bambo mmodzi koma mayi osiyana, anasankhidwa kukhala wapampando wa Tata Trusts. Makampaniwo anali kale m'manja mwa a N. Chandrasekaran kuyambira Febuluwale 2017, munthu wochokera ku banja la alimi ku Tamil Nadu, si Parsi komanso si wachibale, analowa TCS mu 1987 ali mnyamata nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pampando wa Tata Sons.